Chigubu cha oyilo chimene chidatsala pang'ono kupasula gulu lathu

Amayi anzanga, ndikudziwa kuti ena mwa inu, pongoona mutu wa nkhaniyi, mufuna kupereka nyuzipepala kwa abambo poganiza kuti za oyilo ndi injini si za patsamba lathu lino. Taimani kaye. Inenso ndinkaganiza chomwecho kufikira chaka cha 2024, pamene chigubu chimodzi cha oyilo chidandisowetsa tulo kwa milungu itatu, ndi kutsala pang'ono kundidanitsa ndi mnzanga amene tidatungira limodzi madzi tili atsikana. Ndalama yogulira oyilo imatuluka m'thumba lomwelo limene timagulira mchere, sopo ndi yunifolomu ya ana. Tsono nkhaniyi ndi yathu ndithu, ndipo ndafuna kuti ndikufotokozereni monga momwe idandionekera, osabisa pamene ndidalakwa.

Ine ndine wapampando wa gulu la amayi 22 kuno ku Dedza. Timalima mbatata ya kachewere, kabichi, tomato ndi nyemba, ndiponso timasonkha ndalama mlungu ndi mlungu ku banki mkhonde. Kwa zaka zambiri tinkagulitsa mbewu zathu pakhomo pamtengo wolira, chifukwa tidalibe chonyamulira. M'chaka cha 2019 tidapangana kuti tisagawane phindu la chaka chimenecho. Tidaonjezapo ngongole n'kugula pikapu yakale ya Toyota Hilux, yoyendera dizilo, yopangidwa mu 1994. Injini yake ndi ya malita 2.8, yopanda turbo, ndipo pomwe tinkaigula n'kuti itayenda kale makilomita oposa 300,000. Ana adaitcha dzina loti Agogo, ndipo dzinalo lidakhazikika mpaka lero.

Agogo ndiwo amatinyamulira matumba kupita ku msika wa Lizulu ndi ku Lilongwe. Nthawi zina amatsika phiri la Khwekhwelere kupita ku Golomoti, kumene timagulitsa kachewere n'kubwerako ndi mpunga ndi nsomba zouma. Koma ntchito yawo yaikulu, imene silembedwa m'buku la msungichuma, ndi ya usiku. Mayi woyembekezera akayamba kudwala pakati pa usiku, kapena mwana akakomoka ndi malungo, anthu a midzi itatu amathamangira kwa ife. Pamaliro, okatenga bokosi ndi Agogo omwewo.

Pamene tinkaigula galimotoyi, makaniko wathu, bambo wachikulire amene adagwira ntchito zaka zambiri m'magaraja a boma, adatipatsa lamulo limodzi. Adati tizithira oyilo wa dizilo wolembedwa 15W-40, ndipo tizimusintha pamodzi ndi fyuluta yake pakatha makilomita 5,000 alionse. Zaka zoyamba tidamvera. Koma mu Novembala 2023 kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo popeza dziko lathu silikumba mafuta, dontho lililonse la dizilo ndi la oyilo limagulidwa ndi ndalama zakunja. Mtengo udakwera, ife tidayamba kuzengereza. Dalaivala wathu, amene ndi mwana wa mchemwali wake wa msungichuma, akati nthawi yosintha oyilo yakwana, ine ndinkayankha kuti, "Tidikire kaye tigulitse kabichi." Kabichi akagulitsidwa, ndalama inkapita ku feteleza. Tinkangoonjezera lita imodzi pamwamba pa oyilo wakaleyo, ulendo n'kupitirira.

Mu Seputembala 2024 mwana wanga wachisamba, amene amagwira ntchito pagaraja ina ya magalimoto ang'onoang'ono ku Johannesburg, adabwera ku chinkhoswe cha mlongo wake. Pakati pa mabulangete ndi mapoto amene adatibweretsera padali chigubu chonyezimira cha malita 5. Adachiika m'manja mwanga n'kunena kuti, "Amayi, uyu ndi oyilo wa synthetic, wa magalimoto a mabwana. Mukathira ameneyu muyenda makilomita 15,000 osasintha. Agogo akhala ngati mtsikana." Mtima wanga udasefukira. Ndidaona mwana wokumbukira kwawo, ndidaonanso njira yothawira ndalama ya oyilo kwa miyezi yambiri. Sindidaitanitse msonkhano, sindidafunse makaniko. Ndidangouza dalaivala kuti akhetse oyilo wakale athire watsopanoyo. Fyuluta sitidasinthe chifukwa padalibe ndalama, ndipo popeza injini yathu imamwa malita oposa 5, tidakwaniritsa ndi oyilo wakale amene adatsala m'botolo.

Masiku oyamba ndidayenda modzitama. M'mawa galimoto inkalira msanga, phokoso la injini likadzuka linkatha mwachangu. Koma mlungu wachiwiri, pansi pa mtengo wa pichesi pomwe Agogo amagona, padayamba kuoneka madontho akuda. Poyamba adali ngati ndalama yachitsulo, kenaka ngati mbale ya ndiwo. Ndidatuma mwana kuti akwirirepo mchenga. Mayi wamkulu ine, wapampando wa gulu, kubisa madontho a oyilo ngati mwana wobisa mphasa yonyowa!

Tsoka lidagwa mu Okutobala, dzuwa lili phwee. Galimoto idatsikira ku Golomoti ndi kachewere, ndipo pobwerera, itasenza mpunga, kanyale kofiira ka oyilo kadayamba kuphethira itangoyamba kukwera phiri. Mwamwayi dalaivalayo ndi mnyamata womvera. Adaima pomwepo, n'kuzimitsa injini. Atasolola kandodo koyezera oyilo adapeza kuti kangonyowa kunsonga kokha. Galimoto idagona komweko. Usiku womwewo mpongozi wa mmodzi wa amayi a m'gulu lathu adayamba kudwala, ndipo atathamangira kwathu adapeza pansi pa pichesi pali mbee. Mtsikanayo adapita kuchipatala pa njinga yamoto, apongozi ake atamugwirira kumbuyo, pamsewu wa mabampu. Mulungu adachita chifundo, adachira bwino mwana wamwamuna. Koma ine usiku umenewo sindidaone tulo.

Pamsonkhano wa Lachinayi msungichuma adaimirira. Iye ndi ine timaitanana kuti "achemwali" kuyambira kale, koma tsiku limenelo adati, "Mayi wapampando, ndifunse nawo. Kodi galimoto ija ndi ya gulu kapena ndi ya banja lanu? Mwana wanu watiphera galimoto ndi oyilo wachilendo, ndipo amene anthu akumunena m'mudzimu ndi mwana wa mchemwali wanga." Amayi ena adavomereza. Wina adati adamva kuti oyilo wa synthetic amadya mphira wa m'injini zakale. Ine ndidayankha mokalipa kuti ndi nsanje, ndipo msonkhano udatha opanda pemphero. Kunyumba abambo adandimvetsera mpaka ndidatsiriza, kenaka adati, "Mayi, safunsa adadya phula. Inu simudziwa za injini, anzanuwo sadziwanso. Bwanji osapita kwa amene akudziwa?"

Tidapita atatu: ine, msungichuma ndi mlembi wathu atanyamula buku la maulendo a galimoto. Ndidatenganso chigubu chija, chopanda kanthu. Makaniko adali atakaikoka kale galimotoyo n'kutsekula chivundikiro chapamwamba pa injini. Adatipatsa benchi, n'kutiphunzitsa ngati ana a sukulu kwa maola awiri. Zimene adatiuza ndidazifunsanso kwa mwana wanga ndi kwa ena odziwa, ndipo ndi zimene ndikukupatsirani pano.

Oyilo ali ndi ntchito zisanu m'injini. Amatereretsa zitsulo kuti zisakhulane, amachotsa kutentha, amatsuka ndi kunyamula zinyalala kupita nazo ku fyuluta, amatseka timipata ta pakati pa mapisitoni ndi zipupa zake, ndiponso amateteza dzimbiri. Oyilo wamba, amene pachigubu amalembapo kuti mineral, amayengedwa kuchokera ku mafuta akuda okumbidwa pansi. Tizigawo take tosaoneka ndi maso n'tosiyanasiyana kukula, ngati nyemba zosasankha zimene zina zimapsa zinzake zikadali zolimba. Moto ukakula, tizigawo topepuka timauluka, totsalato timakhuthala. Oyilo wa synthetic amachita kumupanga kapena kumukonza kwambiri kufakitale kotero kuti tizigawo take timakhala tofanana. N'chifukwa chake amapirira kutentha, amayenda msanga m'mawa kukazizira, ndipo sachedwa kufika kumutu kwa injini. Palinso wapakati, wosakaniza mitundu iwiriyo, wolembedwa semi-synthetic.

"Tsono amayi," adatero bamboyo akuyang'ana msungichuma, "musanyoze mphatso ya mwanayu. Oyilo ameneyu ndi wabwino kuposa amene ndimakuthirirani ine." Adatiuza kuti oyilo wotere si wa dzulo. Akatswiri a ku Germany adamupanga kuti azithira m'ndege pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ya 1939 mpaka 1945, ndipo wa magalimoto wotchedwa Mobil 1 adayamba kugulitsidwa ku America mu 1974. Mbiri yoti amadya mphira idachokera m'zaka zimenezo, pamene mitundu ina yoyambirira sinkagwirizana ndi mphira wa m'injini za nthawiyo. Wamasiku ano amayesedwa kaye ndi mphira asadagulitsidwe. Adatinso kusakaniza wa synthetic ndi wamba sikuwononga injini, ndipo munthu akhoza kuchoka ku mtundu wina kupita ku unzake n'kubwereranso popanda vuto. Apa ine ndidayamba kutukula mutu. Koma bamboyo adali asadamalize.

Adatenga chigubu chija n'kutilozera manambala. Padalembedwa 5W-30, pamene oyilo wathu wa masiku onse ndi 15W-40. Manambalawa amanena za kukhuthala kwa oyilo, potsata muyeso wa bungwe la akatswiri a magalimoto lotchedwa SAE. Nambala yoyamba, yokhala ndi W, imaonetsa mmene oyilo amayendera kukazizira, ndipo ikachepa ndiye kuti oyiloyo amathamanga msanga m'mawa. Yachiwiri imaonetsa kukhuthala kwake injini itatentha, poyesa pa madigiri 100. Ife a ku Dedza sitivutika kumvetsa zimenezi, pakuti timadziwa mmene uchi umakanira kutuluka m'botolo mu Juni, ndi mmene umayendera ngati madzi mu Okutobala. Injini yoyenda makilomita ochuluka chotere zitsulo zake zidaperepeseka, mipata idakula. Oyilo wa 30 akatentha amapyapyala kuposa wa 40, choncho m'injini yotha amapulumuka mosavuta m'mipatamo, wina n'kupsera limodzi ndi dizilo. Onjezanipo kudontha kuja, phiri, katundu ndi dzuwa la kunyanja, mupeza chifukwa chake kanyale kadayaka.

Kenaka adatembenuza chigubu n'kutionetsa timalemba tating'ono ta kumbuyo, tolembedwa API SN. Bungwe la API, la ku America, ndilo limaika zilembo zimenezi. Chilembo S chikutanthauza injini za petulo, C injini za dizilo. Chilembo chachiwiri chikamapita kutsogolo ndiye kuti muyesowo ndi watsopano: CF ndi wa 1994, CH-4 wa 1998, CI-4 wa 2002, kumbali ya petulo SN ndi wa 2010, SP wa 2020. Zigubu zambiri zimakhala ndi zilembo za mbali zonse ziwiri, koma cha mwana wanga chidali ndi S yekha. Adali oyilo wa magalimoto ang'onoang'ono a petulo, onga amene iye amawaona tsiku ndi tsiku kuntchito kwake. Injini ya dizilo imatulutsa mwaye wambiri ndi asidi wochokera ku sulufule wa m'dizilo, ndipo oyilo wake amathiridwa mankhwala ochuluka ogwira mwayewo ndi kupha asidiyo. Tidapatsa Agogo chakudya chabwino, koma cha munthu wina.

Nanga za makilomita 15,000 zija? Bamboyo adaseka. Adati zimenezo n'zoona pa galimoto yatsopano yoyenda pa tala, imene buku lake likuloleza kutero. Koma injini yakale ya dizilo ngati yathuyi imadetsa oyilo ndi mwaye mofulumira, ndipo ife timayenda m'fumbi, titasenza katundu, m'mapiri. Mwaye ndi fumbi sizisankha kuti oyiloyu ndi wodula kapena wotchipa. Akadzaza zinyalala ayenera kutuluka basi, ngakhale mphamvu zake zina zikadalipo. Madzi otsukira mbale akada timataya, ngakhale sopo wake akhale wonunkhira bwanji. Pamenepo ndipo padagona nkhani ya ndalama. Pamene tidafunsa m'sitolo, chigubu cha synthetic chidali pafupifupi kawiri mtengo wa oyilo wamba. Ngati onse awiri tiyenera kuwakhetsa pa makilomita 5,000, ndiye kuti tikhala tikulipirira moyo wautali wa oyilo umene sitidzaugwiritsa ntchito.

Msungichuma adafunsa funso limene lidali pamtima pa tonse. "Nanga bambo, kudonthaku kudayamba bwanji, poti kale sikudaliko?" Makaniko adatiitana kuti tisuzumire m'injini. Amayi anzanga, zimene ndidaona sindidzaiwala. M'kati monse mudali matope akuda, okhuthala ngati phala lopserera. Adatipatsa gasiketi ya chivundikiro kuti tiigwire, ndipo idali youma gwa, yothetheka ngati chikuni. Kamphira kotchinga oyilo kutsogolo kwa injini nakonso kadali katauma. Adati, "Mphira uyu adafa kale ndi ukalamba ndi kutentha. Chimene chinkatseka ming'aluyi ndi matope mukuwaonawa. Oyilo watsopano, woyera ndi wopyapyala, adatsukako matopewo n'kupeza njira. Ndowa yobooka yomatidwa ndi sopo, mukaitsuka n'kuyamba kudontha, kodi mlandu ndi wa madzi?" Adationetsanso kuti oyilo wodontha kutsogoloko adayamba kunyowetsa lamba amene amayendetsa mavavu, amene pa injini imeneyi amasinthidwa pa makilomita 100,000. Lamba ameneyu akaduka injini ikuyenda, mavavu amagundana ndi mapisitoni, ndipo ndalama yokonzera ikadatigwetsa tonse.

Pomaliza adafunsa kuti, "Kodi matope onsewa achokera kuti? Oyilo mudasintha liti?" Mlembi adatsekula buku. Adawerenga tsiku, adawerenga nambala ya makilomita, n'kuchotsera. Oyilo amene tidakhetsa mu Seputembala adali atayenda makilomita oposa 11,000, ndipo fyuluta idali yomweyo kufikira tsiku limenelo. Pambali pa tsiku lililonse limene dalaivala adapempha ndalama ya oyilo, mlembi adalemba mokhulupirika kuti, "Wapampando ati tidikire." Mawu amenewa adalembedwa kanayi. Padakhala bata. Ndidayang'ana pansi, nkhope yanga ikutentha. Amene adadwalitsa Agogo sadali mwana wanga, sadali dalaivala, sadalinso oyilo wachilendo. Ndidali ine, ndi kuzengereza kwanga. Pobwerera, msungichuma adayenda pambali panga osalankhula, ndipo titayandikira kumudzi adati, "Achemwali, thumba ndimasunga ndine. Nanenso ndinkakondwa mukati tidikire."

Pamsonkhano wotsatira ndidaimirira n'kupepesa pa zinthu zitatu: kuzengereza, kuthira chinthu m'galimoto ya gulu popanda kufunsa gulu, ndi kukwirira madontho ndi mchenga. Ndidapepesanso kwa apongozi a mtsikana uja. Kenaka tidakambirana za oyilo woti tizigula. Makaniko adali atatiuza kuti njira zonse ziwiri n'zotseguka. Tikakonza mphira ndi lamba, tikhoza kuthira synthetic wa dizilo, wa 5W-40 kapena 10W-40 wokhala ndi chilembo C, ndipo injini ikhoza kukondwa naye makamaka m'mawa wa Juni ndi Julayi. Tikhozanso kubwerera ku 15W-40 wamba. Amayi adawerengera, ndipo tidasankha wamba, wa kampani yodziwika, wosinthidwa pa nthawi yake pamodzi ndi fyuluta. Chifukwa cha matope aja, kusintha kuwiri koyamba tidakuchita msanga, makilomita 5,000 asadakwane. Tidakhazikitsanso thumba la oyilo. Paulendo uliwonse timapatula kandalama tisadawerenge phindu, ndipo thumba limenelo silibwerekedwa ngakhale pa feteleza.

Musaganize tsono kuti ndikunena kuti galimoto iliyonse yakale ifuna oyilo wokhuthala. Ayi. Ambiri a inu muli ndi timagalimoto ta petulo tochokera ku Japan, monga Sienta, Vitz ndi Passo, timene tidafika kuno titayenda kale zaka khumi kapena kuposa. Ngakhale n'takale, injini zake zidapangidwa ndi tinjira ta oyilo topapatiza, ndipo zambiri zimagwiritsa ntchito oyilo yemweyo posuntha nthawi yotsekukira mavavu. Zimenezi zimafuna oyilo wopyapyala, monga 5W-30 kapena 0W-20, ndipo oyilo wotere kawirikawiri amakhala wa synthetic. Chimodzimodzi galimoto ya turbo, chifukwa turbo imatentha koopsa ndipo oyilo wosapirira amapserera m'menemo. Amuna ake a msungichuma ali ndi kagalimoto kotere, ndipo adakhala akuthiramo 20W-50 poganiza kuti oyilo wokhuthala ndiye wamphamvu. Makaniko atamva adagwira pakamwa. Adati chigubu cha mwana wanga chikadapita m'kagalimoto kameneko, bwenzi chitagwira ntchito yake yeniyeni.

Tsono amayi, kaya galimoto ndi ya banja, ya mpingo kapena ya gulu, nazi zimene ndikupemphani kuti musunge. Choyamba, musadafunse ngati oyilo ndi wa synthetic kapena wamba, funsani manambala ndi zilembo zimene galimoto yanu imafuna. Zimalembedwa m'buku la galimoto, nthawi zina pachitsekero chothirira oyilo kapena kunsi kwa boneti. Buku likasowa, funsani makaniko wodziwa mtundu wa injini yanu. Chachiwiri, ngati galimoto ikudontha kale kapena ikutulutsa utsi wobiriwira ngati mtambo, umene umasonyeza kuti oyilo akupsa, konzani kaye chovutacho. Palibe oyilo amene amabwezeretsa chitsulo chotha. Chachitatu, lembani m'buku tsiku ndi makilomita nthawi iliyonse mwasintha oyilo, ndipo galimoto ikakhala yosayendayenda musapitirire chaka musadasinthe. Oyilo wamba wosinthidwa pa nthawi yake amasunga injini kuposa wodula wogonera m'menemo. Chachinayi, gulani oyilo wa m'chigubu chomata bwino, pamalo odziwika. Wogulitsidwa m'mabotolo a zakumwa m'mbali mwa msewu simungadziwe kumene wachokera, ndipo akhoza kukhala wogwira kale ntchito amene angomusefa.

Phunziraninso kuyeza oyilo nokha, pakuti n'kosavuta kuposa kuyeza ufa wa mandasi. Galimoto iime pamalo athyathyathya, injini ikhale itazima kwa mphindi zingapo. Sololani kandodo, kapukuteni ndi kansalu koyera, kabwezereni mpaka kumapeto, n'kukasololanso. Oyilo akhale pakati pa zizindikiro ziwiri zili kunsongako, osachepera ndiponso osapitirira. Pa injini ya dizilo musadabwe kuona oyilo atada patangopita masiku ochepa, chifukwa ndiyo ntchito yake yonyamula mwaye. Koma mukamuona atasanduka ngati tiyi wamkaka, dziwani kuti madzi alowamo, ndipo galimoto isayende musadaonane ndi makaniko. Kanyale kofiira ka oyilo kakayaka muli paulendo, musalole woyendetsa kunena kuti "tifike kaye." Aime pomwepo. Kumvera kwa mnyamata uja pa Khwekhwelere ndiko kudatipulumutsira injini.

Mawu ena ndi okhudza ife eni khomo. Oyilo wokhetsedwa m'injini ndi poizoni. Ndaonapo anthu akupaka pazilonda za ziweto, ena pakhungu la galu wa mphere, ena akuthira pabwalo kuti fumbi ligone. Musatero. Oyilo ameneyu akamakhudza khungu kawirikawiri akhoza kuyambitsa matenda a khungu, ngakhale khansa, ndipo akalowa m'nthaka pafupi ndi chitsime amaipitsa madzi a mudzi wonse. Musungeni m'chigubu chotseka, kutali ndi ana, ndipo mumubwezere kugaraja. Chigubu cha oyilo, ngakhale chikongole bwanji, musasungiremo madzi akumwa, thobwa kapena mafuta ophikira. Chija cha mwana wanga ndidachisiya kwa makaniko, ngakhale mtima unkachifuna.

Mwana wanga ndidamuimbira foni nditazengereza masiku angapo, poopa kumukhumudwitsa. Nditamufotokozera za S ndi C adakhala chete, kenaka adati, "Amayi, ndiye mwandiposa. Ine ndimangothira chimene abwana andipatsa." Pa Khirisimasi adatumiza chigubu china chonga chomwe chija kudzera kwa mnzake wobwera kumudzi, ndi uthenga woti chimenechi si cha Agogo. Ndidachisenza pamutu mpaka kunyumba kwa msungichuma, ndipo amuna ake adachilandira ndi manja awiri.

Agogo akuyendabe. Pansi pa pichesi mpouma, ndipo Lolemba lililonse m'mawa, dalaivala asadalize injini, amayi awiri a m'gulu amasolola kandodo n'kulemba m'buku zimene aona. Mlungu uno ndi nthawi yanga ndi apongozi a mtsikana uja, amene amabwera atabereka mdzukulu wawo kumbuyo. Inunso amayi, mawa m'mawa pemphani abambo akutsekulireni boneti, akuonetseni pamene pali kandodoko. Akadabwa, auzeni kuti ndalama yokonzera injini ikadzafunika, idzachokera m'nkhokwe ya nonse awiri. Tsalani bwino, tidzachezanso.